Mawu Asanu a pa Bwalo la Kabwe Warriors

Bwalo limene timu ya Kabwe Warriors imasewererapo ikakhala pakhomo lili ndi dzina lalitali kuposa mabwalo ambiri a kuno kwathu: Godfrey "Ucar" Chitalu 107 Stadium. Kale linkatchedwa dzina la njanji, pakuti timuyi inaleredwa ndi kampani ya Zambia Railways imene likulu lake lili m'tauni yomweyo ya Kabwe. Polankhula anthu amalidula dzinali, ena amangoti kwa Chitalu, okalamba ena sanasiye kutchula lakale lija. Koma lolembedwa ndi la mawu asanu, ndipo amene anawasanja anali ndi cholinga. Anatenga moyo wonse wa munthu n'kuufinyira mumzere umodzi. Zimene anasunga ndi zimene anataya pofinyapo n'zofunika kuziyang'ana bwino.

Choyamba chimene woŵerenga angadabwe nacho n'chakuti dzinali ndi la wosewera mpira. Mabwalo athu akuluakulu timakonda kuwapatsa maina a atsogoleri. Ku Blantyre kuli la Kamuzu, ku Lilongwe la Bingu, ku Ndola la Levy Mwanawasa, ndipo lakale la ku Ndola komweko linali la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi tauniyo mu 1961. Amene amatuluka thukuta pa udzu kawirikawiri dzina lawo silifika pa chipata. Ku Kabwe anachotsa dzina la olemba ntchito n'kuikapo la mnyamata amene ankawathamangira. Pa chimenechi chokha ndikuwaombera m'manja, ngakhale kuti m'munsimu ndili nawo mawu.

Maina aŵiri a kubadwa, Godfrey ndi Chitalu, sanayandikane. Pakati pawo palowa lina. Tiyambe ndi aŵiriwo. Mwini wake sanali mwana wa ku Kabwe. Anabadwira ku Luanshya, ku migodi ya kopa, pa 22 October 1947, ndipo anatchukira ku Kitwe United. Mu 1968, ali ndi zaka 21, anamwetsa zigoli 81 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'Zambia chaka chimenecho. Anali mnyamata wa mtima wapachala. Oyimbira ankamudziŵa, ndipo nkhani imene okonda mpira amaikambabe ndi ya tsiku limene woyimbira anamufunsa dzina kuti amulembe m'kabuku, iye n'kuyankha kuti ndi Denis Law, katswiri wa Manchester United wa nthawi imeneyo. Anamutulutsa m'bwalo. Ku Kabwe Warriors anafika mu 1971. Choncho tauni ya Kabwe ikamalemba dzina lake pa bwalo lake ikunena kuti mlendoyu tinamulandira, ndipo zazikulu zake anachitira kuno. Za Luanshya ndi Kitwe dzinali silikambapo, ndipo sitingalidzudzule. Bwalo ndi la Warriors.

Dzina lapakati lija, Ucar, analitsekera m'timizere togwira mawu, kusonyeza kuti si la makolo, ndi mawu a munthu wina. Munthuyo, monga mmene ambiri amakumbukira, anali malemu Dennis Liwewe, wowulutsa mpira pa wailesi amene anabadwira ku Malawi n'kukakhala liwu la mpira wa Zambia kwa zaka zambiri. UCAR anali mabatire a kampani ya Union Carbide, a tochi ndi wailesi. Taganizani mmene dzinali linkamvekera: bambo ali pakhonde, wailesi ili pa khutu, mkati mwake muli mabatire omwewo, ndipo Liwewe akukuwa dzina la mabatirewo uku munthu akuthamangira ku golo. Womvera sankafuna womasulira. N'zoseketsanso kuti dzina la batire linakamera ku Kabwe, tauni imene kuyambira masiku amene inkatchedwa Broken Hill inkakumba mtovu ndi zinki, zitsulo zomwe opanga mabatire amazifuna.

Koma batire salitamanda chifukwa cha kukongola, ndiponso salitamanda chifukwa cha usiku umodzi. Amalitamanda chifukwa chokhalitsa. Apa Liwewe analoza chinthu choona, mwina kuposa mmene ankadziŵira pa nthawiyo. Chitalu sanayende njira yosalala mu timu ya dziko. Zambia inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Egypt mu 1974, n'kugonja kwa Zaire pa maseŵero obwereza, koma m'zaka zimenezo mphunzitsi Ante Buselic sankamudalira nthawi zonse, ndipo panali nyengo imene anamusiyiratu kunja. Ambiri anayesa kuti watha. Mukukumbukira mmene tinkaikira mabatire ofooka padzuwa kuti madzulo alizenso wailesi? Chitalu anabwerera chomwecho, kusiyana kwake n'kwakuti iye sanafookenso msanga. Mu 1978 ndi 1979, atapitirira zaka 30, anasankhidwanso kawiri motsatizana kukhala wosewera wa chaka, kuwonjezera pa 1968, 1970 ndi 1972. Mu 1980 anali ku Moscow pa maseŵero a Olympics, kumene anachinya Soviet Union pakwawo ngakhale Zambia inagonja 3-1. Timu ya dziko anaimwetsera zigoli 79, ndipo mpaka lero palibe Mzambia amene wafikapo. Nsapato anazipachika mu 1982.

Ndiye mawu akuti Ucar akunena za utali wa ulendo. Mawu otsatira dzina la bambo ake akunena zosiyana, ndipo ndi pamenepa pamene dzina la bwaloli likukokana lokha.

107. Nambala yaima yokha. Sakunena kuti 107 chiyani, sakunena chaka. Mlendo wotsika basi ya ku Lusaka akhoza kuyesa kuti ndi nambala ya poloti. Olemba anadalira kuti woŵerenga akudziŵa kale, ndipo ku Kabwe akudziŵadi: ndi zigoli za mu 1972. Chaka chimenecho Warriors inasesa zikho zonse za m'Zambia, ligi, Castle Cup, Challenge Cup, Chibuku Cup ndi Charity Shield, ndipo Chitalu, mothandizana ndi anzake monga Boniface Simutowe, ankagoletsa ngati wauzidwa kuti mawa kulibe mpira. Pakutha pa nyengoyo anamupatsa mpira wapadera wolembedwa dzina lake ndi nambala imeneyi. Chithunzi chake atanyamula mpirawo ndicho chimene chinadzazungulira dziko lonse patapita zaka 40.

Chifukwa chake chinazungulira n'chodziŵika. Pa 9 December 2012 Lionel Messi anamwetsa zigoli ziŵiri pa maseŵero a Barcelona ndi Real Betis, n'kupitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa m'chaka chimodzi. Pomafika kumapeto kwa chakacho Messi anali ndi 91. Manyuzipepala a ku Ulaya analemba kuti palibe munthu anachitapo zotere. Bungwe la mpira la Zambia, FAZ, linati imani kaye. Mlandu suola. Chaka chimene Müller anamwetsa 85 chinali 1972, chaka chomwecho chimene mnyamata wa ku Kabwe anamwetsa 107. FIFA inayankha mozemba koma mosanama: inati siisunga kaundula wa mipikisano ya m'maiko, choncho singavomereze za Chitalu, ndiponso za Messi zomwe si iyo inaziika chidindo. A ku Brazil nawo anadzuka ndi dzina la Zico wa Flamengo. Nkhani inathera m'malere.

Dzina latsopano la bwalo la ku Kabwe linabadwa m'fumbi la mkangano umenewo. Tikadziŵa zimenezi, nambala ija imayamba kumveka mwina. Siikulankhula ndi ochemerera a Warriors, amene sanakayikepo. Ikulankhula ndi Zurich, kwawo kwa FIFA, ndi Barcelona. Ndi dandaulo lopachikidwa pa chipata: mwakana kulemba m'mabuku anu, ife talemba pakhoma pathu. Sindikuona cholakwika ndi dandaulo lotero. Dziko la mpira lili ndi chizoloŵezi choyesa kuti chimene sichinajambulidwe ndi makamera a ku Ulaya sichinachitike.

Vuto n'lakuti ngati cholinga chinali kuyankha Messi, nambala imene anasankha si imene ikuyankha. Zigoli za Messi ndi Müller zinaŵerengedwa kuyambira January mpaka December. Za Chitalu 107 zinaŵerengedwa pa nyengo ya mpira ya Zambia, imene inayamba chaka chitayenda kale. Nyengoyo isanatsegulidwe, Warriors inakumana ndi Majantja ya ku Lesotho mu chikho cha matimu opambana a mu Africa. Ku Maseru analepherana 2-2, zigoli zonse ziŵiri za Warriors n'za Chitalu. Pobwereza ku Ndola Warriors inapambana 9-0, ndipo zisanu ndi ziŵiri mwa izo zinali zake. Zigoli zisanu ndi zinayi zimenezi sizinaloŵe m'kaundula wa mphoto ya chakacho. Jerry Muchimba, amene anafufuza m'manyuzipepala akale n'kulemba buku la moyo wa Chitalu, anaziwonjeza n'kupeza 116. Choncho bwalo likunena zochepa kuposa zimene munthuyo anachita m'chaka cha 1972.

Mbali inayo nayo tisaibise, popeza kukonda munthu si kum'namizira. M'kaŵerengedwe ka masiku amenewo ankaphatikiza zigoli za mu ligi, za m'zikho, za timu ya dziko, ndi zina za maseŵero a ubale ndi a matimu osankhidwa. Oŵerenga za Messi anasiya kunja maseŵero a ubale a kalabu yake. Miyeso iŵiriyi si yofanana, ndipo amene akufuna kutsutsa amayambira pomwepa. Ine sindiona kuti zimenezi zikumuchepetsa Chitalu. Ngakhale mutachotsa zonse zokayikitsa, chotsalacho n'chodabwitsabe, pa mabwalo okakala, ndi otchinga kumbuyo amene sankaopa kukankha munthu. Koma nambala yopanda kaundula pambali pake imasanduka chikhulupiriro: wofuna akhulupirire, wosafuna aseke. Kuti tidziŵe tsiku, timu ndi zigoli za maseŵero aliwonse a chaka chimenecho, panafunika munthu mmodzi wakhama kukafukula manyuzipepala ofiira ndi ukalamba, patapita zaka makumi anayi. Ntchito imeneyo inayenera kukhala itagwiridwa kale ndi eni mpira. Mwa zinthu zonse zimene 107 ikunena, ichi ndicho sichinali m'cholinga cha olemba, koma chikumveka kwambiri.

Ku Japan kuli munthu amene mbiri yake ikufanana ndi iyi modabwitsa, ngakhale maseŵero ake ndi ena. Masaichi Kaneda anali woponya mpira wa baseball. Zaka zake zambiri, kuyambira 1950 mpaka 1964, anasewerera Kokutetsu Swallows, timu ya kampani ya njanji ya boma la Japan, asanapite ku Yomiuri Giants. Nayenso amakumbukiridwa ndi nambala: anapambana maseŵero 400, ndipo palibe woponya wina m'ligi ya ku Japan amene wafikapo. Nayenso atasiya kusewera anakhala mphunzitsi, n'kutsogolera Lotte Orions kutenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1974. Kusiyana kwake kuli paŵiri. Palibe amene amatsutsa 400 ya Kaneda, chifukwa maseŵero aliwonse analembedwa tsiku lomwelo, ndipo aliyense akhoza kukaŵerenga yekha. Chachiŵiri, okamba za iye samuduladula; woponya ndi mphunzitsi amamutchula ngati munthu mmodzi.

Apa ndiye pali dandaulo langa lenileni ndi mawu asanu aja. Onse akunena za wosewera. Palibe ngakhale limodzi lokumbutsa kuti Godfrey Chitalu anali mphunzitsi, ndi kuti anafa ali pa ntchito imeneyo.

Akatswiri ambiri ogoletsa sakhala aphunzitsi abwino. Zimene miyendo yawo inkachita yokha amalephera kuzifotokoza, ndipo amapsa mtima ndi mwana amene akuphonya pamene iwo akanagoletsa atatsinzina. Alipo amene anakwanitsa, monga Kinnah Phiri ku Malawi, amene anagoletsera Flames zigoli zochuluka kuposa wina aliyense, kenako n'kuitengera ku Angola mu 2010 kumene inathira Algeria 3-0. Koma ndi oŵerengeka. Kwa Chitalu, munthu amene ali mnyamata ankalimbana ndi oyimbira, kukhala pa benchi n'kumalangiza ena kudziletsa kunali kusintha kwakukulu kuposa kumwetsa chigoli china chilichonse. Anapatsidwa Warriors mu 1991 itatsika m'ligi yaikulu, anaibwezeramo chaka chomwecho, n'kusankhidwa kukhala mphunzitsi wa chaka. Bwalo limene lili ndi dzina lake lero ndi lomwelo limene ankaimapo ndi wezulo m'maŵa, kuphunzitsa ana a anthu amene kale ankamuchemerera. Kwa tauni ya Kabwe, imene pa nthawiyo mgodi wake unali kupuma wefuwefu usanatsekedwe mu 1994, ndipo njanji nayo inali itayamba kufooka, kubwerera kwa Warriors sikunali kanthu kakang'ono.

Kuchoka apo anaitanidwa ku timu ya dziko. Zambia itagonja 2-0 ku Madagascar mu December 1992 pa mpikisano wolimbirana malo ku World Cup ya 1994, mphunzitsi Samuel "Zoom" Ndhlovu anachotsedwa ndipo pambuyo pake Chitalu anatenga mpando, womuthandiza n'kukhala Alex Chola, katswiri wina wa m'badwo wake. Timu inadzuka, inawoloka gulu loyamba lija, n'kuloŵa m'gulu lomaliza pamodzi ndi Morocco ndi Senegal. Pa 25 April 1993 inapambana 3-0 ku Mauritius pa mpikisano wa chikho cha Africa, zigoli zonse zitatu za Kelvin Mutale. Patangopita masiku aŵiri, usiku wa pa 27 April, ndege ya asilikali a Zambia ya mtundu wa Buffalo imene inkapita nawo ku Dakar inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18. Munali David Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Mutale yemwe uja, ndi anyamata a Kabwe Warriors monga goloboyi Richard Mwanza ndi Whiteson Changwe. Chitalu anali ndi zaka 45. Udindo wa mphunzitsi wamkulu anaugwira miyezi inayi yokha.

Mwina olemba dzina anati za ngozi zili kale ndi malo ake. N'zoona: onse anaikidwa ku Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka, ndipo chaka chilichonse pa 28 April anthu amasonkhanako. Pamene Zambia inatenga chikho cha Africa pa 12 February 2012, kugonjetsa Côte d'Ivoire 8-7 pa mapenate mu mzinda womwewo wa Libreville, dziko lonse linawakumbukira. Mwinanso anati bwalo la mpira ndi malo a chimwemwe, si manda. Mfundo imeneyo ndikuimva. Koma taonani zotsatira zake. Ku Lusaka Chitalu ndi mmodzi wa anthu 30, dzina pa mndandanda wa omwalira. Ku Kabwe ndi mnyamata wa zaka 25 amene wanyamula mpira wolembedwa nambala. Munthu wa pakati pa aŵiriwa, amene anazizira mtima, n'kuphunzira kuona mpira ndi maso a anthu khumi ndi mmodzi m'malo mwa ake okha, alibe khoma lililonse lomutchula. Ndipo ndi ameneyo amene ana a ku Kabwe akanaphunzirako kanthu, pakuti zigoli 107 palibe angakuphunzitse, koma kudziletsa ndi kulera ena kumaphunzirika.

Liwu lomaliza, Stadium, lilibe zambiri. Lili m'Chingerezi ngati maina onse a mabwalo a m'Zambia, m'tauni imene mumsika mumamveka Chibemba, Chinyanja ndi Chilenje. Ndi liwu lalikulu pa bwalo laling'ono, ndipo limaika ngongole pa eni ake: dzina la munthu wotere silifuna udzu wouma ndi mipando yothyoka.

Sindikupempha kuti dzinali lisinthidwe. Latalika kale, ndipo 107 yakhazikika m'makutu mwa anthu. Kuyamba kulimbana kuti ikhale 116 kungakhale kutaya nthawi. Chimene chikufunika ndi khoma limodzi mkati mwa bwalo. Pakhomapo alembepo maseŵero onse a 1972, tsiku, timu imene anakumana nayo ndi zigoli zake, kuti wokayika aziŵerenga yekha. Pansi pake alembeponso zaka za 1991 mpaka 1993, ndi maina a Mwanza ndi Changwe pafupi ndi la mphunzitsi wawo. Kafukufuku anachitika kale. Chatsala ndi penti ndi munthu wolemba zikwangwani. Akuluakulu a Kabwe Warriors ndi a FAZ, ntchito imeneyi ndi yanu.